Kalata Imene Ndinaisunga Masabata Khumi

Mudzi wa Kalwezi,
P.O. Ruarwe,
Nkhata Bay.

23 Seputembala, 2024.

Okondedwa mbale wanga a Dyson Kamwendo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi mayi akunyumba, a Rose, ana ndi adzukulu onse kumeneko ku Dedza. Ife kuno tilipo, ngakhale maondo anga ayamba kukana mapiri athu ano, ndipo mkazi wanga Gertrude akudandaula msana. Mundikhululukire ngati Chichewa changa chachita dzimbiri. Chichokereni ku koleji ya aphunzitsi, kumene inu munkandiseka nacho, ndimachiyankhula ndi alendo okha.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanakulembereni, ndipo ndili ndi manyazi kuti lero ndikubwera ndi pempho. Koma musanamve pempholo muyenera kumva chimene ndinachita, pakuti Killion Longwe amene inu mukumudziwa, uja sanachedwepo pa mzere wa m'mawa zaka makumi atatu ndi zinayi, sindiye amene akukulemberani.

Monga ndinakuuzani kale, nditapuma pa ntchito anthu anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya sukulu yathu ya Kalwezi. Sukuluyi ili ndi makalasi asanu ndi atatu ndi ana oposa mazana anayi. Kuno kulibe msewu. Kumbuyo kwathu ndi phiri, kutsogolo ndi madzi, ndipo chilichonse, kaya choko, kaya kalata, kaya mphunzitsi, chimabwera pa boti la a Kumbukani Lachiwiri ndi Lachisanu. Lamya imagwira pamwamba pa phiri pokha, ulendo wa maola awiri kukwera. M'mabuku a ku ofesi ya maphunziro ku boma, sukuluyi inali ndi aphunzitsi asanu ndi mmodzi. Amene ankaima pa bolodi anali awiri. Ena anayi anabwera, nasaina m'buku la aphunzitsi, nabwerera kukadwala kwawo mpaka lero. Mnyamata wina sanatsitse n'komwe matiresi ake. Anayang'ana phiri, nayang'ana lamya yake, nati kwa a Kumbukani, "Bwana, musazimitse injini."

Awiri otsalawo anali a hedimasitala, a Mphande, amene shuga wawafooketsa, ndi Mayi Regina Makwinja, mwana wa ku Mulanje. Mayi ameneyu anakhala nafe zaka zinayi. M'mawa ankaphunzitsa Sitandade 8, masana 7 ndi 6 m'chipinda chimodzi. Anaphunzira Chitonga mpaka kumakalipira nacho makolo obisa ana pa thandala loyanikapo usipa. Inu ndi ine tinaona aphunzitsi ambiri, a Kamwendo, ndipo sindine munthu woyamikira msanga, koma uyu zolemba zake za maphunziro mukanazisaina osapezamo polemba ndi inki yofiira.

Amuna ake, a Steve, amagwira ntchito yodula mitengo ya mphira ku esiteti ina kufupi ndi Chintheche, ndipo ankaonana pa tchuthi pokha. Mayiyu anapempha transifa katatu kuti atsate banja lake. Katatu konse ine ndinasaina pansi pa pempholo monga wapampando, ndi mawu abwino omuchitira umboni. Ndivomere kuti ndinkasaina ndi mtima wopepuka, chifukwa pa zaka khumi ndi chimodzi za upampando wanga ndalemba makalata ochuluka opita ku boma, opempha aphunzitsi, malata ndi mabuku, ndipo yankho silinabwerepo. Ndinkati nayonso iyi ikagona kumene anzake anagona.

Lachisanu lina m'mwezi wa Malichi, a Kumbukani anandipatsa envulopu pa gombe. A Mphande anali atagonekedwa m'chipatala ku Mzuzu, choncho makalata a sukulu ankafikira kwa ine. Envulopuyo inali ya Mayi Makwinja, ndipo sinali yomata, anangopindira chivundikiro mkati. Sindikunena izi podziteteza. Ndinaitsegula. Pempho lawo linali litavomerezedwa: akayambe ntchito pa sukulu ina kufupi ndi amuna awo pasanathe masiku khumi ndi anayi.

Mayeso a Sitandade 8 anali atatsala masabata khumi. Olemba anali ana makumi awiri ndi atatu. Ndinaima pamchengapo nthawi yaitali, ndikumva mawu a mayiyo akuchokera m'kalasi, akubwerezetsa ana masamu. Kenaka ndinapita kunyumba, ndinatsegula sutikesi yanga yachitsulo ija munaidziwa ku koleji, ndipo ndinaika kalatayo pansi pa satifiketi yanga ya uphunzitsi. Ndinadziuza kuti sindikuba, ndikungosunga, ndipo kuti ofesi imene imatenga zaka zitatu kuyankha singawerenge masiku khumi ndi anayi.

Tsiku lililonse la boti mayiyu ankandipeza pa khonde la sukulu. "Ada Longwe," anatero, pakuti anali atazolowera kutitchula Ada m'Chitonga monga achitira ana athu, "lero palibe kanthu kanga?"

"Palibe, mayi."

"Aa, basi. Mwina anakulungira mandasi pepala langalo." Ankaseka, n'kubwerera m'kalasi.

Boti limabwera kawiri pa sabata. Werengani nokha kuti ine, mkulu wa mpingo, ndinanama kangati.

M'mwezi wa Epulo, mvula itanyowetsa zonse, Gertrude anatulutsa zovala za m'sutikesi kuti aziyanike, ndipo anaipeza. Anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"A Longwe, kalata ya eni ake ikutani mu zovala zanu?"

"Ndidzapereka mayeso akatha."

"Inu? Inu amene munabweza mwana wanu mvula ili pamutu kuti akapereke pensulo ya mnzake kutsidya kwa mtsinje?"

"Ana makumi awiri ndi atatu, Gertrude. Akachoka mayiyu, alemba chiyani?"

"Nanga iyeyu si mwana wa munthu? Anagwa kuchokera mu mtengo?"

Iye sanandiulule, chifukwa adzukulu athu awiri anali m'gulu la olembawo. Anabwezera kalatayo pamalo pake. Kuyambira tsikulo ankatumiza ufa wa chinangwa ndi nsomba kunyumba kwa aphunzitsi pafupipafupi, koma akawaona akubwera panjira, ankalowa m'nyumba.

Ana analemba mayeso m'mwezi wa Meyi. Tsiku lomaliza, atangotuluka, ndinavala jekete ndi tayi, ndinapita kunyumba kwa mayiyo ndi kuwapatsa envulopu yawo ndi manja awiri. Ndinali nditakonza mawu ambiri. Anawerenga, nayang'ana deti, nayang'ana ine, nayang'ananso deti.

"Inafika liti, Ada?"

"Pa 15 Malichi."

"Inali kuti?"

"Kwa ine."

Ndikanakonda akanandilalatira, a Kamwendo. Anangoipinda bwinobwino monga inaliri, nati, "Zikomo, Bambo Longwe." Chiyambire tsiku limenelo sananditchulenso Ada.

Lachiwiri lotsatira tinakwera boti limodzi kupita ku boma, iye kutsogolo, ine kumbuyo pa matumba a usipa, mwera ukutimenya njira yonse. Ku ofesi tinalandiridwa ndi mkulu woona za aphunzitsi, mnyamata waulemu ndithu, wa msinkhu wa ana athu. Anatsegula faelo, natifotokozera mofatsa. Dzina la Mayi Makwinja linachotsedwa pa mndandanda wa Kalwezi m'mwezi wa Malichi. Ku sukulu yatsopano sanafike, choncho malo awo anaperekedwa kwa wina. Pa mapepala, mayiyu sanali kuno, sanali uko, ndipo nkhani yawo inali itatumizidwa kale ku likulu monga ya mphunzitsi wothawa ntchito. Munthu amene ankaphunzitsa makalasi atatu tsiku lililonse! Malipiro awo anali ataima, iwo n'kumayesa kuti ndi kuchedwa kwa masiku onse.

Ndinaimirira ndi kunena zonse, osabisa kanthu. Mnyamatayo anavula magalasi nati, "Madala, mwatipweteka. Khalani pansi ndikuonetseni china."

Anatulutsa pepala lachiwiri. A Kamwendo, ofesi ija ndinkainyoza inali itachita zinthu molongosoka ulendo uno. Anali atapeza wolowa m'malo: a Lusizi Thawe, mphunzitsi wa zaka zisanu ndi zitatu pa ntchito, mwana wa ku Usisya konkuno, wokulira m'bwato, amene anachita kupempha yekha kuti abwerere kufupi ndi bambo ake okalamba. Munthu woti phiri lathu silikanamuopsa. Munthu woti akanakhala nafe mpaka imvi. Popeza nyumba ya aphunzitsi yosadontha ili imodzi yokha, ankangodikira uthenga woti Mayi Makwinja asamuka. Mawu a zimenezi anatumizidwa pa lamya ya a Mphande, amene anali chigonere m'chipatala. Atadikira masabata asanu, a Thawe anatumizidwa ku sukulu ina kumtunda.

"Ndiye mutitumizira wina?" ndinafunsa, ngakhale ndinalibenso nkhope yofunsira.

"Pa mndandanda muli ndi aphunzitsi asanu," anatero. "Pali sukulu zimene zili ndi awiri."

"Asanuwo anayi kulibe, bwana."

"Ndikudziwa, madala. Koma mpaka likulu litawachotsa, alipo. Lembani kalata."

Ndinalemba pomwepo makalata awiri, ina ya aphunzitsi osaonekawo, ina yovomera mlandu wanga. Anadindapo chidindo chosonyeza kuti alandira. Papita miyezi inayi.

Zotsatira za mayeso zinatuluka. Mwa ana makumi awiri ndi atatu, anakhoza khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo asanu anasankhidwira ku sekondale. Chikhazikitsire sukuluyi sizinachitikepo. Makolo anabwera kunyumba kwanga ndi nsomba ndi nkhuku, akuthokoza m'Chitonga kuti, "Yewu, Ada Longwe, mwatigwirira ntchito." Ndinakaima pamaso pa akulu a mpingo ndi kupempha kuti andiimike pa mgonero. Anakana. Mmodzi anati, "Munachitira ana athu, palibe mlandu apa. Ndikadakhala ine, kalatayo ndikadaiponya m'nyanja." Onse anaseka. Ndinatuluka m'menemo wolemedwa kuposa m'mene ndinalowera, chifukwa ndinaona kuti mayi uja kwa ife anali ngati injini ya boti, yoti tiigwiritse ntchito mpaka itafa.

Sukulu inatsegulidwa sabata yatha. A Mphande abwerera, koma satha kuima nthawi yaitali. Asonkhanitsa makalasi aang'ono pansi pa mtengo wa mango ndipo amawaimbitsa. Mu Sitandade 8 munalembedwa ana makumi atatu ndi mmodzi. Lolemba anabwera onse. Lachisanu anabwera asanu ndi anayi. Anyamata atengedwa kukakoka ukonde wa chilimira, atsikana ali pa thandala, ndipo palibenso wowakalipira makolo m'Chitonga cha ku Mulanje. Ine ndimakakhala nawo asanu ndi anayiwo. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, maso anga saona zilembo zazing'ono, ndipo maphunziro a masiku ano si aja tinaphunzitsa ife. Mtsikana wina, Belita, amandikonza masamu mwaulemu, akuyang'ana pansi.

Mayi Makwinja ali kwa amuna awo ku nyumba za antchito a pa esiteti. Ndamva kuti akulima mpunga waganyu ku Limphasa. Mwezi watha a Kumbukani anabwera ndi katoni yomangidwa ndi chingwe. M'katimo munali makiyi a nyumba ndi makope onse a maphunziro a Sitandade 8, chaka chathunthu, sabata ndi sabata, m'zilembo zawo zoongoka zija. Ndinakhuthula katoniyo, ndinatsegula kope lililonse, kufuna kapepala kolembera ine, ngakhale kondinyoza. Munalibe. Pa chikuto pokha panali mawu akuti, "Kwa amene adzabwere."

Palibe amene adzabwere, a Kamwendo. Zimenezi ndazivomera. Sindikupemphani aphunzitsi, chaka chamawa Sitandade 8 idzatsekedwa, kenaka 7, ndipo sukulu imene makolo athu anaumbira njerwa idzatsala ya ana oimba pansi pa mango. Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti mwana wanu Pilirani amagwira ntchito ku likulu la unduna ku Lilongwe. Inu mukudziwa kuti moyo wanga wonse sindinadutsepo pakhomo la kuseri, ndipo ndinkadzudzula ochita zotero. Lero ndikugogoda pamenepo. Ndaikamo m'envulopu muno chikalata changa chovomera mlandu, chosainidwa ndi mboni ziwiri, ndi nambala ya ntchito ya Mayi Regina Makwinja. Sindikupempha kuti Pilirani apinde lamulo. Angoifunafuna faeloyo kumene yagona, aike pepala langa pamwamba, kuti wowerenga aone kuti wothawa ntchito si mayiyu. Ngati pafunika wina woti dzina lake lide, langa lilipo, ndipo silikugwiranso ntchito ina.

Mundiperekere moni kwa a Rose, ndipo muwauze kuti Gertrude amakumbukirabe mbatata ya kachewere anatitumizira ija. Moni kwa Pilirani, amene ndinamunyamula ali wakhanda. Mumuuze zonse monga ndalembera, musandikometsere. Gertrude akupereka moni. Wawerenga kalata ino yonse, ndipo wati aiperekeza yekha ku gombe mawa.

Mukafuna kuyankha, lembani dzina la Gertrude pa envulopu. Masiku ano a Kumbukani akatsika m'boti amandipatsa moni mwaulemu monga kale, amafunsa za maondo anga, kenaka amandidutsa ndi makalata m'manja, kukwera okha kukapereka kwa eni ake. Palibe anawauza kuti azitero, ndipo ine sindinawafunse chifukwa.

Ndine mnzanu wa kale,

Killion Z. Longwe.