Amayi ndi Miyala Yonunkha

Kawale 2, Lilongwe
16 Okutobala 2006

Wokondedwa mlongo wanga Edna,

Muli bwanji kumeneko ku Ntcheu, iwe, alamu a Gwanda ndi ana? Chifuwa cha Leah chija chinatha? Kuno tili bwino, ndipo ndikulemba chimwemwe chitadzaza mumtima.

Koma ndiyambe ndi kulapa. Zija ndinakulembera kuti adokotala akufunabe kuwaona Amayi, linali bodza. Maso awo anachira kalekale. Ndikuwasunga dala, ndipo chifukwa chake ndi miyala. Usaseke.

Bwana wanga kuhotela kuja akufuna kuweta nsomba za m'nyanja yamchere m'chibokosi chagalasi, alendo aziziona. Anaitanitsa miyala ku Mozambiki, yokulunga m'manyuzipepala onyowa. Akuti ndi miyala yamoyo, poti m'mabowo mwake mumakhala tizilombo. Tina timafera m'njira n'kuwola, ndiye miyalayo iyenera kukhala m'madzi amchere milungu ingapo mpaka fungo lithe. Ukapupuluma, nsomba zonse zimafa.

Fungo lakelo, mlongo wanga! Alendo atayamba kudandaula, bwana anandisenzetsa migolo iwiri ya miyalayo kuti ndikasunge kwathu. Aneba ankafunsana ngati chimbudzi chathu chadzaza.

Ukudziwa mmene Amayi akhalira chimwalirire Bambo. Tsiku lonse duu pamkeka, chakudya kungochilawa. Ndinkaopa kuti tiwataya nawonso.

Tsiku lina poweruka ndinawapeza ataweramira mumgolo, akununkhiza. Anaviika chala, kulawa, kulavula, n'kundiuza kuti mchere wachuluka. Ine ndinatsutsa, paja ndine wa Folomu Folo. Anandifunsa chimene ndimathiramo madzi akaphwera. Ndinati amchere omwewo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amvekere sukulu inangondithera nsapato, madzi amauma koma mchere umatsala. Nditayeza ndi kachipangizo ka bwana, zinali zoona. Pang'onong'ono ndikanapha miyala yonse, ntchito n'kuthera pomwepo.

Basi anandilanda ntchito! Zowola amazichotsa ndi mswachi. Magetsi akathima, pampu yoyendetsa madzi n'kuima, amatakasa okha ndi mthiko. Migolo anaifunditsa masaka monga ankachitira ndi mbiya zawo pofulula mowa. M'mawa uliwonse amanunkhiza n'kulengeza kuti sizinapse. Ndikati ndisinthe madzi, amandikalipira kuti ndikutaya ambiri. Edna, Amayi akukalipa! Akudyanso, mpaka kupempha ndiwo zina.

Dzulo anandiitana mokuwa, ine n'kuthamanga wopanda nsapato. Fungo loipa lija latheratu. Pamwala wina panatuluka kachilombo kofiira konga nthenga ya nkhuku. Ukayandikiza chala kamalowa m'bowo, ukachotsa kamasuzumiranso. Amayi anasewera nako mpaka kuseka chikhakhali, akuti kamanyazi ngati mtsikana pamaso pa ankhoswe. Ine ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba kukalira.

Tsopano pempho langa ndi ili. Loweruka bwana abwera kudzatenga miyala yake, Lolemba Amayi ndiwakweza basi. Ndikuopa kuti akafika kumeneko akabwereranso pamkeka.

Ndikudziwa kuti alamu, monga mkulu wa mpingo, analetsa zofulula pakhomo pawo. Sindikulimbana nawo. Koma ukawapemphe mofatsa, ngakhale thobwa lokha avomere. Amayi akufunika kanthu koti azikadzukirira m'mawa, kukatakasa ndi kukanunkhiza.

Ndikulemba panopa andituma kuti ndikufunse ngati mbiya zawo zilipobe. Sindinadikire yankho lako, ndawauza kuti zilipo zonse zitatu, ndipo anyamuka kukachapa zovala za ulendo akung'ung'udza nyimbo. Ngati munazitaya, Edna, ukagule zina asanafike.

Undiperekere moni kwa alamu, ana ndi azakhali. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Greenwell