Analandira lalanje pa ulendo wa kukhoti

Aphungu,

Ine ndimalima tiyi ndi kuweta njati za mkaka, zimene kwathu kuno zimawetedwa ngati ng'ombe, m'mudzi wina wa kumapiri. Nkhani yake ndi ya mlongo wanga wamng'ono, amene pano ndimutcha Kopila, ngakhale si dzina lake. Chaka chatha, akuchokera kothyola tiyi, anagwiriridwa ndi mnyamata wa m'mudzi mwathu momwemo, amene ndimutcha Bhupen. Kupolisi Kopila anapita yekha, ife tisanadziwe n'komwe. Mnyamatayo akusungidwa m'ndende, ndipo mlandu ukuzengedwa kuboma.

Za kukhotiko sindidandaula kwenikweni. Amazengera m'chipinda chotseka, moti ngakhale ine ndimatsala panja. Pamapepala anamupatsa Kopila dzina lina kuti asadziwike. Anapachikanso nsalu kuti asaonane maso ndi Bhupen. Zonse anaziganizira, kupatula msewu.

Kwathu galimoto yopita kuboma ndi imodzi, jiipi yonyamuka m'mawa n'kubwerako madzulo. Mwini wake, amenenso amaiyendetsa, ndi a Lokendra, amalume ake a Bhupen. Tsiku la mlandu timakwera tonse: ine, Kopila, mayi ake a Bhupen ndi zigubu za mkaka. Munthu amene akumubisa dzina kukhoti amayenda mmawa wonse mawondo akugundana ndi a anthu omwewo.

Sanatitukwanepo. Mwina kutukwana kukanatikomera. Ulendo woyamba nditatulutsa ndalama, a Lokendra anakankha dzanja langa, amvekere, "Bwezani m'thumba, achimwene. Wapakhomo salipira." Ine ndinayesa ndi manyazi awagwira, ndipo ndinabwezadi. Mayi ake a Bhupen nawo amamusungira Kopila malo pambali pawo. Mwezi watha anasenda lalanje n'kumupatsa ndi manja awiri, galimoto yonse ikuona. "Idya, mpongozi wanga, waonda iwe. Mwana wanga akatuluka adzati sindinkakusamala." Mukudziwa nokha kuti kwathu kuno wamkulu akakupatsa chakudya sukana. Analandira. Sanadye, anangolifumbata mpaka tinafika.

Tsiku lomwelo ndi limene loya wa Bhupen ankamufunsa mafunso. Potuluka Kopila anandiuza kuti za tsiku la tsoka lija loyayo anangokhudzako pang'ono. Chimene anakakamira ndi chakuti kodi n'zoona amakwera ulere galimoto ya banjalo, komanso ngati mmawa womwewo analandira chipatso kwa mayi a woimbidwa mlandu. Kenako akuti anafunsa, "Munthu amene mwana wake anakuchita zoterezi, ungalandire chakudya m'manja mwake?" Kopila anangoti kakasi. Nthawi inatha, ndipo woweruza anati adzapitiriza chikondwerero cha Dashain chikadutsa.

Pano m'mudzi mwamveka kuti mabanja awiriwa anagwirizana, changotsala ndi ukwati. Kopila akuti sapitanso, ndipo sawonjezerapo mawu ena. Amayi athu akuti timusiye. Loya wa boma anandiuza pafoni kuti akapanda kudzamaliza umboni wake, mlandu ukhoza kufooka mpaka Bhupen kutuluka. Ine maganizo anga ndi awiri: kumukweza Kopila m'jiipi mokakamiza tsikulo, kapena kupita kwa a Lokendra tikathane ngati amuna. Ndichite chiti?

H. B. R., Simaldanda

A H. B. R.,

Musachite chilichonse mwa ziwirizo.

Tiyambe ndi lalanjelo. Loya uja sanalilote. Linasendedwa mmawa, masana lili kale m'kamwa mwake, ndiye kuti wina analinyamula mwadala. Za ulere wa galimoto n'chimodzimodzi. Anatchera msampha pa ulemu umene munaphunzitsidwa kunyumba, podziwa kuti simungaulumphe. Muuzeni Kopila zimenezi momveka bwino: sanalakwe kulandira, ndipo kusowa choyankha si kuvomera. N'kutheka akudziimba mlandu kuti wawononga yekha nkhani yake.

Kenako pitani kwa loya wa boma, maso ndi maso, tsiku la mlandu lisanafike. Iye amamuona Kopila akalowa pakhomo la khoti, sadziwa kuti wafikapo bwanji. Mumufotokozere zonse mwandilemberazi: mawu oti mpongozi, dzanja lanu lokankhidwa lija, ndi anthu amene anali m'galimotomo. Kunyengerera mboni ndi nkhani yoti woweruza aimve, ngakhale kutabwera ndi manja awiri. Mupemphe kuti akamupatse Kopila mpata wonena kuti galimoto kwanuko ndi imodzi. Mufunsenso ngati khoti lingalole kuti amalize umboni wake pa kanema ali malo ena, kapena kuti apolisi amuperekeze. Sindikulonjeza kuti alola zonse. Koma chimene simunapemphe palibe adzakupatseni.

Jiipiyo isiyeni. Ndinu anthu a kumapiri, miyendo muli nayo. Tsikani wapansi mpaka kumsewu waukulu kukadali masiku, mukwere basi, mukagone kuboma. Kuchipatala cha kumeneko mukafunse za mabungwe a amayi amene amasunga ndi kuperekeza anthu ngati mlongo wanuyu. Papezekenso mzimayi amene Kopila amamukhulupirira, apite nanu. Pali zina zimene sangauze inu, ngakhale mumukonde bwanji.

Koma zonsezi zichitike mwini wake atalola. Mwandiuza zimene akunena amayi, loya ndi mudzi wonse. Za Kopila mwangoti sapitanso. Wakana khoti, kapena wakana mpando wa m'jiipi uja? Munthu amene anapita yekha kupolisi si wamantha. Mufunseni zimenezo kamodzi, mumuonetse njira inayo, mukatero mukhale chete, aganize. Akakana ndithu, loya wa boma mumuuze zoona, aone yekha umboni umene watsala. Kopila akhalebe ndi malo ake pakhomo, ndipo asamve kwa inu kuti Bhupen watuluka chifukwa cha iye.

Chenjezo langa ndi ili. Mukapita kwa a Lokendra ndi nkhonya, loya uja apeza funso latsopano, inu muli m'chitokosi, Kopila alibe womuperekeza. Ndipo mukamukweza m'galimotomo mokakamiza, mudzakhala mwamuna wachiwiri amene sanamvere pamene Kopila anati ayi.

Aphungu