Chikwangwani Chanu Ndachitsitsa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi akudandaulabe mawondo koma akuyenda. Moni wathera pomwepa, chifukwa mtima wanga ukuwira ndipo sindingathe kunamizira.

Munatha bwanji kusainira pangano la shopu ya malemu bambo osandifunsa? Ine amene ndimatsegula chitseko m'mawa uliwonse n'kumalumikiza makompyuta ndi manja angawa, nkhaniyo ndinaimvera kwa mlendo. Anangotulukira bambo uja timamutcha Tayiwofiira, wogulitsa katundu wa kampani yaikulu ija, ali ndi amisiri, n'kuyamba kukhoma chikwangwani chowala pamwamba pa khomo. Anati mwagwirizana kuti tizigulitsa mapurosesa awo okhaokha, iwo azitichotserako pang'ono pamtengo.

Amayi atafunsa kuti purosesa n'chiyani, ndinawauza kuti ndi kaubongo ka kompyuta, ndipo ina imagwira ntchito ndi manja anayi, ina ndi manja asanu ndi atatu. Nanunso mvani choncho. Inu munatimangirira ku ya manja anayi. Chikwangwanicho chisanachite n'fumbi komwe, kampani inzake inatulutsa ya manja asanu ndi atatu, yotchipanso.

Mukuwakumbukira bambo ojambula mavidiyo a maukwati aja, amene sanagulepo ngakhale waya kwina kuyambira nthawi ya bambo? Anabwera kudzafuna kompyuta yatsopano, akuti yakaleyo imawachedwetsa mpaka akwati kuyamba kukangana vidiyo isanatuluke. Ndinawaonetsa zomwe tili nazo. Anandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Chemwali, mukanakhala inu mukanagula iti?"

Achimwene, bambo sanatiphunzitse kunamiza kasitomala. Ndinawauza zoona. Anathokoza, n'kuwoloka msewu kukalowa kwa Adazi, amene amagulitsa za makampani onse awiri. Ndinawaonera pawindo akutuluka atakumbatira katoni. Ana asukulu okonda magemu nawonso anatsata njira yomweyo.

Kenako kampani yanuyo, pofuna kubwezera inzake ija, inatsitsa mitengo. Katundu amene munatiunjikira pashelefu, wopikula modula, tsopano tikagulitsa ndiye kuti tataya. Njovu zikumenyana uko, udzu wake ndife.

Ndinamuitana Tayiwofiira kuti atengeko katundu wina. Anabwera, nakhala pampando wa bambo osapatsidwa, n'kumaseka. Anati msika ndi nkhondo, ndipo ngati ndili ndi dandaulo ndikambe ndi bwana wanga. Bwana wanga, achimwene! Ndi mmene munandifotokozera kwa anthu, kuti ndine wantchito wanu?

Potsegula laputopu yake kuti andionetse panganolo, ndinaona kastika pakona. Mwini wakeyo amagwiritsa ntchito purosesa ya kampani inayo! Nditamulozera kastikako, sanachite n'manyazi komwe. Anangoti, "Ntchito ndi ntchito, mayi, koma iyi ndinagula ndi ndalama zanga."

Galimoto yake isanakhote n'komwe, ndinali nditabwereka makwerero kwa telala woyandikana nafe. Chikwangwani chanu ndinachitsitsa ndekha, anthu akuonerera. Chili kuseri, pafupi ndi makatoni otha ntchito. Mawa lake ndinaitanitsa mapurosesa a kampani inayo, ndipo makasitomala ayambanso kusuzumira.

Tsopano Tayiwofiira akuopseza kuti atitengera kukhoti chifukwa chophwanya pangano. Loya amene ndamufunsa akuti tingapulumuke inu mukalembera kampani ya Tayiwofiirayo kuvomera kuti shopu ndi ya tonse awiri, ndipo munasaina mnzanu asakudziwa. Ndikudziwa kuti kwa inu kuvomera kuti munalakwitsa kuli ngati kumeza singano. Mezani, achimwene. Amayi mankhwala awo amachokera pakauntala yomweyi.

Sindikukupemphani kuti mubwere, kapena kuti mutumize kanthu. Ndikufuna kalata imodzi yokha, mwezi uno usanathe. Mukakana, ndikaima ndekha pamaso pa woweruza, ndipo akandifunsa amene anagulitsa khomo la bambo ali kutali, sindidzabisa dzina.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mkwiyowu suwakhudza. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Amayi akuti Mulungu akusungeni, inenso ndikutero, ngakhale ndikulankhula mano ali okukuta.

Ndine mlongo wanu,
mwini shopu mnzanu