Dzino langa m'buku la Limbani

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Dalitso. Kuno ku Mzimba mvula inagwa bwino chaka chino, chimanga chadzaza nkhokwe, ndipo mlongo wanga Tadala wabereka mwana wamkazi amene tamupatsa dzina lanu. Nkhani zabwino zathera pomwepa.

Mwina Limbani wafika kale kumeneko ndipo wakuuzani yekha, koma ndikumudziwa mng'ono wangayo, amadumpha zofunika. Anakwera minibasi ya ku Jenda kukapikula tomato. Panjira inawombana ndi galimoto yonyamula mafuta, moto n'kubuka. Palibe anatuluka. Titafika kunyumba ya chisoni, apolisi anatiuza kuti nkhope tisayembekezere kuona. Matupi anali ndi manambala basi.

Kunabwera dokotala wa mano kuchokera ku Lilongwe, mayi wofatsa. Anatisonkhanitsa abale tonse n'kunena kuti moto umatha khungu ndi zovala, koma mano amaukanika. Anati aliyense abweretse buku la kuchipatala la m'bale wake ndi chithunzi chimene akuseka. Ndinathamangira kusutikesi yanu ija, ndipo buku lakale la Limbani ndinalipeza pansi pa nsalu zanu za chigwirizano. Munkati, "Pepala silipempha chakudya, lisungeni." Ndinakuthokozani mumtima.

Dokotala anawerenga kuti Limbani anazulidwa dzino lakumapeto, la m'munsi kumanzere. Thupi la nambala 4 linalibe dzino lomwelo, msinkhu wakenso unali wofanana. Mlamu wanga NyaGondwe, mkazi wake, anagwa pansi akulira kuti, "Ndiyo, alamu, mbwenu timutenge tizipita." Wapolisi anandipatsa cholembera kuti ndisaine.

Ndipamene lilime langa linapita lokha pa mpata uli m'kamwa mwangamu. M'munsi, kumanzere, kumapeto.

Mukukumbukira, Amayi? Ndili Fomu 2 tsaya linatupa, buku langa litadyedwa ndi chiswe. Inu munatenga la Limbani, n'kundiuza kuti akaitana dzina lake ndiyankhe. Munati, "Buku ndi buku, dokotala sawerenga chikuto." Ndinayankhadi, anazula dzino, tinabwerera kunyumba tikuseka. Patha zaka zambiri, koma dokotala wowerenga chikuto uja wapezeka.

Ndinaika cholembera pansi n'kuyasamula pamaso pa anthu onse ngati mwana wa kusikelo. Dokotala anasuzumira ndi tochi, anayang'ana buku, anandiyang'ananso ine. Anangoti, "Bambo, ndiye m'bukumu wamwalira ndinu." Palibe anaseka. Tangoganizani, mawa lake tikanagoneka mwana wa eni pambali panu, Limbani wathu n'kupita kumanda a anthu osamudziwa.

Chinatipulumutsa ndi khalidwe lija munkamukalipira nalo, lotsegula mabotolo ndi mano. Munkati, "Tsiku lina manowo adzakuneneza." Pachithunzi chaukwati wake akuseka kukamwa konse, dzino lakutsogolo lobenthuka pakona, linzake litakwera pamwamba pake. Dokotala anakhala nthawi yaitali akufananiza. Limbani anali wa nambala 7: mano akumapeto onse alipo, lobenthukalo lili pomwepo. Amuneneza ndithu.

Wa nambala 4 uja anali mphunzitsi wa ku Euthini. Bambo ake atamva zimene zinachitika anandigwira dzanja kwa nthawi, n'kungoti, "Yewo chomene, mwana wane." Ankandithokoza ine amene ndinatsala pang'ono kuwabera maliro.

Sindikukudzudzulani, Amayi. Munkafuna mwana wanu asiye kulira ndi dzino, basi. Limbani tamuika kudzanja lanu lamanja, pafupi ndi mtengo wa mthethe uja. NyaGondwe akadali pakhomo ndi ana, ndipo sapita kulikonse. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Dokotala watsimikiza, nanenso ndakhulupirira, komabe inu ndi amene munamubereka. Mukamuona mumuseketse, mumuyang'ane dzino lija.

Patsamba lija m'buku ndalembapo ndi inki yofiira kuti dzino linali langa. Ndikukulonjezani kuti adzukulu anu aliyense azipita kuchipatala ndi buku lake, ngakhale chiswe chitadya nyumba yonse.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu wamwamuna wotsala,
Dalitso