Mawu Anga, Nkhope ya Tuntufye

Ellenbrook, Perth
Epulo 2022

Okondedwa achemwali anga a Margreth,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja uli bwanji, kutupa kunaphwa? Kuno tilipo. Chitsegulireni malire, korona wafikadi, ndipo kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito timaswera m'masiki mpaka kuseri kwa makutu kuchita zilonda. Alamu anu a Enock akadali kuntchito kwawo konyamula katundu ku Welshpool.

Chandilembetsa ndi chithunzi cha Tuntufye chija mwati amayi anachiona pa foni ya anzawo a Mvano n'kuyamba kumutamanda. Ndikufuna mumve komwe chinachokera.

Kuno kuli chisankho mwezi wamawa. Chakumapeto kwa chaka chatha anthu a chipani china chaching'ono anabwera kutchalitchi kwathu ku Morley, atatsogozedwa ndi bambo wina wa tayi dzina lake Davide. Anapempha amayi ochepa kuti titsalire mapemphero atatha, anatikonzera tiyi, n'kutifunsa zomwe zimatisowetsa tulo ife ochokera ku Africa. Tinakhuthula zonse: za anzathu omwe anaika maliro a makolo awo poonera pa foni, za maviza a makolo omwe satuluka, za mashifiti osatha. Davide ankangogwedeza mutu, cholembera chili gone patebulo.

Kenako anafunsa ngati tikudziwa zomwe ana athu amaphunzitsidwa kusukulu pa nkhani ya umuna ndi ukazi. Mukundidziwa ine ndi pakamwa pangapa. Ndinati mwana ndi wa makolo ake, si wa boma. Pomwepo anatola cholembera, nandipempha ndibwereze pang'onopang'ono. Tuntufye tsiku limenelo sanatsegule pakamwa, anali pa foni kusinthana shifiti ndi mnzake.

Mwezi watha ndikutsika basi pa Morley, ndinangoona chikwangwani chachikulu. Tuntufye ali m'yunifolomu ya unesi, akumwetulira, pansi pake mawu anga aja. Achemwali, Tuntufye yemwe ndinakamulandira ine pabwalo la ndege, yemwe anagona pa sofa yanga mpaka anapeza ntchito, yemwe ndinamuphunzitsa kukwera basi ya kuno!

Ndinamuimbira Davide, ndipo sanabise. Anati iwo amayamba auyesa uthenga pa anthu asanautulutse, ndipo wanga unagwira mtima kuposa ena onse, koma nthawi ya mliri ino anthu amakhulupirira nkhope ya nesi kuposa ya wosambitsa okalamba. Anawonjeza kuti Tuntufye ndi nzika, pomwe ine sindinafike povota. Nditafunsa za maviza ndi maliro aja, anati nkhani zotero zimangomvetsa chisoni, sizikwiyitsa, ndipo munthu amene sanakwiye sasintha chipani.

Uthengawonso si umodzi ayi. Kapepala komwe kamaponyedwa pakhomo kuno ku Ellenbrook, kodzaza mabanja a ana aang'ono, kamanena za sukulu, kali ndi nkhope ya Tuntufye ndi mawu anga aja. Kena komwe a Enock anapatsidwa ku Welshpool kamanena za amuna ochotsedwa ntchito chifukwa chokana katemera. Mnzanga Chabu wa ku Zambia, amene amasamalira nkhalamba ina kudera la anthu olemera, akuti kumeneko akungonena za misonkho basi. Ndinamukumbutsa Tuntufye kuti iye wabaya anthu katemera chaka chonse chatha, lero nkhope yake ikugulitsa chipani chonyoza katemerayo. Anangoseka, nati aliyense ali ndi mwayi wake.

Mwayi ndiye ali nawodi. Kutchalitchi tsopano amakhala mpando wakutsogolo. Abusa amamuitana kuti apereke moni kwa alendo. Anakayankhula pa wailesi, ndipo mawu angawo anawatchula ngati anabadwa nawo. Amayi anzathu amakanganirana kujambulitsa naye, ine ndili kukhitchini kutsuka makapu. Ndimapemphera kuti mtima uwu undichoke, koma ndikamva kuseka kwake kokha, mutu umandiwawa.

Chomwe chandisokoneza kwambiri ndi mwana wathu Lister. Ali ndi mnzake m'kalasi amene anameta tsitsi n'kupempha kuti azitchulidwa dzina lachimuna. Sabata yatha ana ena anamata kapepala ka chipani kaja pachikwama cha mwanayo, namuseka mpaka analira, ndipo chiyambire sanabwerenso kusukulu. Lister anafika kunyumba kapepalako kali m'manja, maso ali psuu. Mukudziwa kuti amatiyankha m'Chingerezi chokhachokha, koma tsikulo anandifunsa m'Chichewa.

"Amayi, mawu awa si anu?"

Ndinamuyankha kuti ayang'ane bwino chithunzicho, aone kuti ndi cha ndani. Anangotembenuka n'kulowa kuchipinda kwake. Ndinakumbuka momwe amayi ankatiuzira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo manyazi anandigwira. Komabe, achemwali, ndisakunamizeni: madzulo omwewo ndinatsegulanso foni kuti ndione anthu omwe akumuyamikira Tuntufye, ndipo zinandipweteka chimodzimodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapita kwa amayi, muwauze kuti nzeru zomwe akutamandazo ndi za mwana wawo, Tuntufye anangobwereka nkhope. Awauzenso anzawo a Mvano ngati afuna. Koma muwauze pamaso, muli awiri. Chonde musalembe pa gulu lathu la banja la pa foni, chifukwa Lister alimo ndipo amawerenga zonse.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asasiye kumwa mankhwala. Moni kwa alamu, kwa achimwene a Brown ndi akazi awo, kwa azakhali ku Area 25, ndi kwa ana onse. A Enock akuti akusowani.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Gladness