Njinga ya Abambo Itsike pa Chipilala

Malomo, Ntchisi

Enoki mlongo wanga,

Tandiyankha, iwe amene unaphunzira mpaka kuvala chipewa cha ngodya zinayi: unaonapo munthu akuzula mzati wa nyumba anthu ali momwemo, n'kukauimika pa msewu kuti odutsa aziujambula? Ngati sunamuonepo, kadziyang'ane pa galasi.

Koma ndisayambe ndi ndewu ngati wosaleredwa. Uli bwanji kumeneko? Mlamu wanga Thoko ali bwanji, chifuwa chija chinamusiya? Nanga ana? Kuno tadzuka. Amayi akulimbabe, mtedza tafukula, soya tagulitsa kale kwa mavenda a sikelo zonama aja. Za abambo ndinena m'munsimu, chifukwa ndiwo andigwiritsa cholembera. Ndalemba pa pepala dala. Pa foni umangoti uli mu miting'i, ndiponso ine ndikapsa mtima mawu amapondana, mayunitsi n'kutha ndisanafike pa mfundo.

Choyamba ndikuyamike, ungamati Marita amangodziwa kulalata. Tinakumva pa wailesi ukufotokoza kuti boma lapereka ndalama zomangira njinga misewu yakeyake mumzinda wanuwo. Amayi anaika wailesi pamwamba pa mtondo n'kuitana onse oyandikana nafe kuti adzamve mwana wawo. Andireya wa kabaza, uja amaima pa siteji ya pa Malomo, akuti ukapitiriza chonchi asamukira komweko, poti watopa n'kuthawira m'tchire akamva hutala ya lole. Inenso ndinakondwa zenizeni. Njinga yatinyamulira fodya, odwala ndi akwati omwe, ndipo aka n'koyamba kumva boma likuiwerengera ngati chinthu.

Kenako unatumiza chithunzi pa foni ya Andireya. Njinga ya abambo, yakuda ija yolemera ngati mwana wa ng'ombe, mwaipaka utoto wobiriwira, mwaikweza pa chipilala cha simenti poyambira msewu watsopanowo, maluwa ali pa kaliyala. Pansi pake mwalemba kuti ndi chikumbutso cha makolo athu opalasa njinga. Chikumbutso, Enoki? Eni ake ali moyo, m'mawa uno adya mbatata ndi tiyi!

Ndikudziwa uyankha kuti unapempha ndipo anakupatsa okha. Eya, unapempha. Koma unapempha pamaso pa anzako a ku ofesi, mutafika pa galimoto ya boma, mudzi wonse utazungulira. Unati poti anasiya kukwera, bwanji ikakhale pa ulemu ku tawuni, iwo uwasiyire yatsopano. Nanga a Yoswa Phiri, mkulu wa mpingo, akanayankha chiyani pa gulu? Anati tenga mwana wanga, akumwetulira ngati ali pa ukwati. Ine tsiku limenelo ndinali ku chigayo. Ndikanakhalapo, galimotoyo ikanabwerera ndi nkhuku yokha.

Yatsopanoyo tinailandira, zikomo. Ndi yokongola ndithu, ya magiya, yopepuka moti amayi amaisuntha ndi dzanja limodzi akamasesa. Chishalo chake n'chowonda ngati mpini wa khasu. Kaliyala ilibe, kaya kwanuko Baibulo ndi buku la nyimbo mumazisenza pamutu. Chisoti chija unati abambo azivala, nkhuku ya amayi yamawangamawanga ikuikiramo mazira, ndipo amayi akuti ukapeza china utumize chifukwa nkhuku yakuda ija ikuchita nsanje.

Ine ndinaiyesa. Paja kupalasa ndinadziphunzitsa ndekha, monga ndinadziphunzitsira kulemba kumeneku ndi buku la nyimbo, ndiye ndinati magiya angandiopseze ine? Pa mtsetse wa ku dambo ndinafinya buleki mwamphamvu momwe ndinkafinyira ya abambo. Njinga inaima, ine sindinaime. Ndinakatera m'munda wa mbatata wa a Elisha, a m'mudzi mwathu aja, ndipo iwo m'malo mondidzutsa anafunsa ngati ndabwera kudzagula kapena kudzaba. Seka, ndakulola. Pano ndaizolowera, ku msika ndimafika anzanga asanatsegule matumba.

Tsopano tchera khutu, chifukwa apa sindikuseka.

N'zoona abambo anasiya kukwera njinga. Koma unadzifunsapo kuti n'chifukwa chiyani ankapitabe nayo kulikonse? Ku tchalitchi, ku maliro, kokaona odwala, ngakhale kokagula mchere pa okala. Mwendo wawo wakumanzere unayamba kufooka kalekale. Njinga ija ndiyo inali mwendo wawo. Ankaitsamira ndi thupi lonse, iyo poti ndi yolemera sinkawathawa, ndipo potsetsereka ankagwira buleki pang'onopang'ono n'kumatsika nayo limodzi.

Ndiye kwathu kuno ku mapiri, ndani amadabwa kuona munthu akukankha njinga? Pa chitunda aliyense amatsika, ngakhale anyamata a kabaza. Pa mtsetse wina akawafunsa, ankati sangasiye mnzawo woyenda pansi nkhani isanathe. Munthu wokankha njinga timati ali pa ulendo. Wa ndodo timati wakalamba. Abambo anasankha kukhala pa ulendo, ndipo ife a m'nyumba tinangotseka pakamwa. Iwe umabwera pa Khirisimasi n'kuwapeza atakhala pa mpando, ukanadziwira pati?

Lamulungu loyamba iwe utapita anayesa kukankha yako ija. Pa chitunda cha ku sukulu anaitsamira, iyo n'kuwapulumuka m'manja ngati mlamba, iwo pansi khu! Ana a Sande sukulu akuona. Anawauza kuti amayang'ana ngati tayala lili ndi mpweya. Anabwerera kunyumba, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanapitirire mtengo wa mango wa kuseri kwa khola.

Ndinawasemera ndodo yabwino. Anaiyamikira kwambiri, n'kuipereka kwa amayi kuti azigwetsera mapapaya. Andireya anadzipereka kuti aziwanyamula ulere Lamulungu lililonse. Anamuyankha kuti iwo si thumba la feteleza. Ndinawakalipira, paja umandidziwa, ndinati kunyada kumeneku kutipha tonse. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti kodi mtima wangawu ndinatengera yani.

Abusa akhala akubwera kudzawaona. Abambo amawauza kuti ndi chimfine. Chimfine chanji chopanda n'kuyetsemula komwe? Dzulo ndawamva akuuza amayi kuti mwina nthawi yakwana yoti atule pansi ukulu wa mpingo, asiyire achinyamata. Amayi anangopitiriza kusenda mtedza, koma ndinaona akutaya mtedza n'kusunga makoko.

Enoki, Lamulungu loyamba la mwezi wamawa kuli Mgonero. Iwe usanabadwe n'komwe, abambo anali atayamba kale kuyendetsa mbale ya mkate mbali ya amuna. M'tchalitchi savutika, amagwirira mabenchi. Vuto ndi njira yokafikira. Akapanda kuoneka tsiku limenelo, ndikuwadziwa, Lolemba lake atumiza mawu kwa abusa. Ndipo munthu ngati iwo akakhala pansi, sadzukanso.

Usaganize zogula ina yakuda yofanana nayo. Ndinabwereka kale ya a Elisha. Abambo anaigwira pa handulo, anaisisita, kenako n'kunena kuti sangayende ndi njinga ya eni ake pamene yawo ili pa ntchito ya boma. Wamva? Ili pa ntchito ya boma! Andireya akamadutsa amamuimitsa kuti aonetse alendo chithunzi chija. Amakunyadira mpaka kudzipweteka nako.

Ndiye chochita ndi ichi, ndipo sindikukufunsa maganizo. Njingayo inachoka ndi ulemu, ibwerenso ndi ulemu. Usaitumize pa minibasi ngati mtolo wa nzimbe. Ubwere nayo wekha, anthu asonkhane ngati tsiku lija, unene mokweza kuti yamaliza ntchito yake ndipo mwaibweza kwa eni ake ndi kuthokoza. Limenelo si bodza, anthu aijambula mokwanira. Za mwendo usatchule, ngakhale kuuyang'ana usauyang'ane. Ukangoyerekeza, iwe ndi ine tikaonana kuseri kwa nkhokwe ngati kale.

Chipilala chanucho sichikhala chamaliseche. Njinga zakufa zadzaza paliponse. Andireya ali nazo kuseri kwa nyumba yake, ndipo akuti akupatsa imodzi ulere bola mulembepo dzina lake m'zilembo zazikulu. Mukaipaka utoto n'kuikapo maluwa, a m'tawuni sadzasiyanitsa. Abwana ako akavuta, uwapatse nambala yanga. Tsiku limenelo mayunitsi ndigula okwanira.

Amayi akupereka moni, akuti uzidya, pa wailesi unamveka wowonda. Undiperekere moni kwa Thoko, ndi kwa ana, uwauze kuti azakhali awo awasinjirira chiponde. Mulungu akusunge, adalitsenso misewu yakoyo kuti pasadzagwe munthu, ndipo ndalama zikatsalako ukumbuke kuti nakonso ku Malomo kuli njinga.

Koma Loweruka loti mawa lake ndi Mgonero, ndikufuna kumva belu lija likulira pabwalo pano. Utotowo usavutike n'kuchotsa, wobiriwira aukonda. Maluwa okhawo chotsa, pa kaliyala pamakhala Baibulo. Tsitsa njinga ya abambo, Enoki.

Ndine mlongo wako amene anakubereka kumbuyo,
Marita