Kamabulo Kamene Sikanagwe

Amayi, kaya mwaswera bwanji kumeneko?

Ndine Felesiya. Ndikulemba mofulumira Tiwonge asanadzuke, pa pepala long'amba m'kope la bambo ake, ndiye musadabwe ndi miyezo ya zitseko ili kuseriku. Ndikudziwa munkati munthu aziyamba wadya kenako azilira, koma lero phala landikanika.

Ndiyambe ndi zimene simukuzidziwa. Mimba ija munandisiya nayo, kunabadwa mtsikana, ku chipatala cha pa Boma. Apongozi ndi amene anamutcha Tiwonge. Pano ali ndi chaka ndi miyezi inayi, akuyenda chogwira khoma, ndipo akuyamwabe. Kachala kakang'ono ka kuphazi n'kopindika ngati kanu, ndikamamusambitsa ndimakalankhula. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chitangomasula, moti nkhokwe yangofika m'chiuno mwanga. Kwathu ku Kasungu ndinamva kuti achimwene anafolera nyumba yanu ija, koma mtengo wa mapeyala unauma. Kuno kwayamba kuzizira, kuzizira kwa ku Luwawa kolowa m'mafupa, kumene munkadandaula nako mutabwera ku ukwati.

Tsono nkhani imene ndakulemberani ndi ya chinthu chimene mkamwini wanu Wongani anapanga.

Mphunzitsi wina wa masamu anabwera ku shedi yake ya ukalipentala ndi foni, kudzamuonetsa kanema wa makina a matabwa owonkhetsa manambala. Anati akufuna otero kuti aonetse ana a sukulu mmene kompyuta imawerengera m'kati mwake. Wongani mukumudziwa, akaona chinthu chachilendo amaiwala ndi chakudya chomwe. Anakatola zidutswa za paini kwa ocheka matabwa, n'kukhala masabata atatu akupala, akuyeza, akutaya, akuyambiranso. Mmene ankamaliza, aphunzitsi aja anali atawasamutsira ku Euthini. Makinawo anatsala m'shedi.

Ndikulongosolereni kuti mumvetse. Ndi thabwa loimirira, msinkhu wake ngati Tiwonge, lopendekeka pang'ono. Lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi zondondozana, chilichonse chili ndi kalilime ka thabwa kamene kamayendayenda pa msomali. Pamwamba pa zipindazo anawotchapo manambala ndi waya wamoto, kuyambira kumanja: 1, 2, 4, 8, 16, 32. Umaponyamo timabulo, timipira tagalasi tija ana amaseweretsa pa fumbi. Chipinda chimasunga kamabulo kamodzi basi. Kakabwera kachiwiri, kalilime kamatembenuka, kamene kanalimo kamagwera m'kabokosi pansi, katsopanoko n'kudumphira chipinda chotsatira. Ukafuna kudziwa nambala, umawonkhetsa manambala a zipinda zimene muli timabulo.

Tsiku loyamba anandiitana. "Amake Tiwonge, faivi kuphatikiza fili?" Ndinati zimenezo ndinazisiya ku Sitandade 6, asandivute. Anaponya pa 4 ndi pa 1, akuti faivi. Anaponyanso pa 2 ndi pa 1, akuti fili. Kunangomveka kho, kho, kho, titatu tagwera m'kabokosi, kamodzi kakhala phee pa 8. Ndinati, "Mwandinamiza inu, ine ndikuona kamodzi." Anaseka mpaka kutsamwa ndi utuchi. "Kamabulo n'kamodzimodzi, mayi. Kukula kwake n'chipinda chimene kakhalamo." Anati foni nayonso m'kati mwake imadziwa ziwiri zokha, mulimo kapena mulibe. Kenako anandionetsa pamene makinawo amathera. Zipinda zonse zikadzaza ndiye 63. Ukaponya kena kamodzi, tonse timakhuthukira pansi, makina n'kuyera ngati sanawerengepo kanthu.

Chaka chovuta anthu sagula mipando, Amayi. Mu Epulo anati nayenso apite ku Joni monga anzake onse a m'mudzi muno. M'mawa wonyamuka anatiitanira m'shedi, ine, amayi ake aNyaShaba, ndi akulu ake a Chawanangwa. Anakoka kamtengo kokhuthulira, makina n'kuyera, nandipatsa kachitini ka timabulo. "Kamodzi patsiku, m'mawa, pa 1. Timabulo tisanagwe tonse mudzakhala mutamva mawu anga ndili ku Joni." Alamu anafunsa kuti, "Nanga tikagwa iwe uli zii?" Iye anati, "Mbwenu mukhale pansi muone chochita." Ankanena akuseka, Amayi. Alamu sanaseke.

Anaimba kamodzi, tsiku lachitatu, pa foni ya mwini galimoto, ali ku Mozambiki. Kuchokera pamenepo zii. Nambala ya mwini galimotoyo sikupezeka. Ena akuti anagwidwa chifukwa cha mapepala, ena akuti anangomubera foni. Ndinasiya kufunsa, chifukwa aliyense ali ndi nkhani yake ndipo palibe amene anamuona ndi maso.

Alamu amapalasa kabaza pa Boma, amabwera Loweruka lililonse. Si munthu woipa. Ali ndi ana asanu, ndipo nkhokwe imene tonse tikudyamo ndi imodzi yomweyi. Akafika amalowa m'shedi, amawonkhetsa manambala ndi chala, amatuluka osanena kanthu. Loweruka lapitali ndiye ananena poyera. Timabulo tikagwa, ine ndibwerere ku Kasungu ndikadikirire kumeneko, koma Tiwonge ndimusiyitse bere, atsale. "Ng'ombe zinapita kwanu, mlamu. Mwana ngwa pano." Amayi, munandiuza tsiku lija ng'ombe zinalowa m'khola la amalume, kuti kumene ndikupitako mwana satsata mayi ngati kwathu. Ndinayankha kuti eya ndamva, mutu uli ku diresi la ukwati.

Ndinayesa kuwauza alamu kuti nambala ya pa makina ikuthamanga kuposa masiku. Anati, "Mng'ono wanga anati timabulo. Sanati kalendala."

Ndipo ikuthamangadi, apa ndi pamene panandidwalitsa. Chipinda cha 1 chimayenera kusinthasintha, lero mulimo, mawa mulibe. Masabata atatu oyamba zinkatero. Kenako tsiku lina ndinasiya kamabulo pa 1, m'mawa mwake ndinapeza mulibe, nambala yakwera yokha. Ndinaponya kanga. Mawa lake chimodzimodzi. Ine ndikuwonjeza tsiku limodzi, makina akuwonjeza awiri. Ndinafufuza ngati ndi makoswe. Ndinagwedeza misomali. Kenako ndinayamba kuganiza zoipa, kuti Wongani anafa, ndipo ndi mzimu wake ukufulumizitsa kuti tisamadikire chabe. Tsiku lina ndinaganiza kuti ndinu mukundiitanira kunyumba. Ndinakukwiyirani sabata yathunthu, pepani Amayi. Kubweza sindikanatha, makinawa sachotsera, amangowonjeza, ndipo ndikanawakhuthula alamu akanati ndaba masiku. Kusiya kuponya nakonso ndinkaopa, zikanakhala ngati ndine ndayamba kumutaya.

Lero Lachisanu m'mawa ndinaponya, zipinda zonse n'kudzaza. 63. Ndinabereka Tiwonge, ndowa m'manja, ulendo wa ku mjigo. Ndili panjira ndinaima. Ndinati chimene chimaponya chija, kaya ndi chiyani, lero chiponye ndikuchiona. Ndinasiya ndowa m'munda wa mbatata n'kubwerera.

Chitseko cha shedi chinali chotsegula. Apongozi anali ataima pa makina, atavala juzi ya Wongani, milomo ikuyenda ngati akupemphera, kamabulo kali pakati pa zala, pamwamba penipeni pa 1.

Munandiphunzitsa kuti mpongozi umamulankhula utagwada, maso ali pansi. Zaka zitatu pakhomo pano sindinawakhudzepo ngakhale chala. Lero ndinakuwa kuti, "Amama, lekani!" n'kuwagwira pa mkono, mwamphamvu, mpaka anati mayo. Tiwonge kumbuyo anayamba kulira.

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Iwe mkamwana, vichi? Watani?"

Ndinati, "Amama, ndinu mwakhala mukuponya?"

"Enya, ndine. Mwana wane anati adzalankhula timabulo tisanathe. Iwe kamodzi kamodzi patsiku, ngati ukudyetsa nkhuku yodwala. Mbwenu ndinati ndikuthandize, tithe msanga, alankhule msanga."

Amayi, ndinangokhala pansi pa utuchi. Masabata atatu ndikuopa mizimu, chonsecho ndi mayi wofuna kumva mwana wake. Iwo manambala aja sawerenga. Ankadikira kuti ndipite ku madzi, chifukwa ankachita manyazi kuti munthu wamkulu aoneke akuseweretsa za ana. Zimene alamu ananena Loweruka anazimva ndithu, koma sizinawaopse. Akuti Wongani chibadwire sanawanamizepo, ndiye aimba kaye, timabulo tigwa pambuyo.

Ndinawalongosolera pang'onopang'ono, pena m'Chichewa, pena m'Chitumbuka changa chothyokathyoka. Ndinati foni ya ku Joni siimva kulira kwa timabulo. Ndinati kamene mwagwirako kakagwa, tonse tigwa, ndipo mawa alamu apeza makina ali mbee. Ndinakatenga buku la sikelo, pakuti Wongani ananyamuka m'mawa mwake mwa tsiku limene tinakakweza Tiwonge sikelo, deti lake lili momwemo. Tinawerenga ndi njere za chimanga pa benchi, tsiku njere, tsiku njere. Masiku enieni ndi 42. Awo owonjezera ndi 21.

Amama anayang'ana Tiwonge, amene anali atasiya kulira n'kuyamba kukoka bulauzi yanga kufuna bere. Anamuyang'ana akuyamwa mpaka kugona. Kenako anati, "Phepani, mama." Munthu wamkulu kupepesa ine. Ndinasowa poika maso.

Ndinati ndiye tikonze pompano, tikhuthule, tiike pa 32, pa 8 ndi pa 2, ibwerere pa 42. Anakana. "Ukagwira iwe, Chawanangwa adzati mkamwana waba masiku. Zikhale momwemo mpaka mawa. Ndinaononga ndine, ndidzanena ndine, ndidzaikanso ndine iye akuona. Iwe ungondionetsa zipinda zake." Ndawaonetsa katatu. Akumasokoneza 8 ndi 16, ndiye ndapaka makala pamwamba pa zipinda zitatuzo kuti asaphonye.

Mukanakhalapo mukanati nanga ukuliranji, si zakonzeka? Sizinakonzeke, Amayi. Alamu ndi amene amabweretsa feteleza ndi sopo pakhomo pano, ndipo chimwalirireni apongozi aamuna, amama sanawatsutsepo pamaso pa anthu. Lero alimba mtima chifukwa tinali awiri. Mawa mwana wawo wamkulu akaima pakhomo atatsamira njinga, mwina mawu adzawauma pakamwa. Mwinanso adzanena, alamu n'kuti timabulo ndi timabulo, kaya anaponya ndani. Ndipo ngakhale zonse ziyende bwino, ndi masabata atatu okha amene tabweza. Akatha amenewo?

Ndatopa, Amayi. Ndatopa ndi kukatchajitsa foni ku golosale kuti ingobwera kudzakhala chete pa zenera. Ndatopa ndi kudzidzimuka galimoto iliyonse ikaima pa msewu. Ndatopa ndi kuyankha kutchalitchi kuti ali bwino, aimba posachedwa. Munkati ukatopa uzikhala pansi, mtolo sukuthawa. Ndakhala pansi, koma uwu ukundiyang'ana.

Ndiye ndikufunseni chinthu chimodzi, musandibisire. Kodi Wongani ali kumeneko? Ngati mwamuona, ndi wamtali uja, chala chachikulu cha kumanzere n'chodukira nsonga, munkamunena kuti amadya ngati akuthawa. Ine sindikufunanso zambiri. Ndikungofuna zimene makina ake amadziwa, alipo kapena palibe. Ngati kumeneko kulibe, musamulandire msanga. Mubwezeni, mumuuze kuti abwereke foni ya munthu aliyense, anene mawu awiri okha.

Pano pamene ndikulemba, amama akhala pa mpando pa chitseko cha shedi, akutonola chimanga, kachitini ka timabulo kali pamiyendo pawo. Nkhuku ikayandikira akuigenda ndi chitsononkho. Akuti mpaka mawa palibe wolowa, ngakhale mphepo. Kamabulo kaja ndinawagwira nako sanakabweze m'chitini. Anakaika m'dzanja langa n'kutseka zala zanga ndi zawo. Ndakamanga pa mfundo ya chitenje chanu chobiriwira chija, chimene ndimaberekera Tiwonge. Mawa amama akakonza makina alamu akuona, ndidzakamasula ndi kukaponya pa 1, likhale tsiku la 43. Akapanda kunena, kakhalabe pa mfundo pomwepo, ndipo amene akufuna kuti tigwe adzayambe wandivula chitenje.

Tiwonge wayamba kutakataka, ndilekeze pano. Ndinalonjeza kuti ndidzabwera kudzalambula pa manda anu mvula isanagwe, ndipo ndibweradi. Koma ndikuwonjezapo china. Kaya timabulo tigwe, kaya tisagwe, simudzandiona ndikufika pamenepo kumbuyo kulibe mwana. Ndidzamutsitsa, ndidzamuvula nsapato, muone nokha kachala kaja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya